Imfa ya Davison Itayera

Davison anamva za imfa yake ali m'chigafa, akusankha fodya. Dzuwa linali litakwera kale, koma mkatimo munali kamdima konunkha fodya wouma, masamba akulendewera pamikangala pamwamba pa mutu wake. Masautso, tenanti mnzake wochokera kumodzi ku Phalombe, anaima pakhomo osalowa, foni ili m'manja.

"Bwanji achimwene, mwaona njoka?" anafunsa Davison.

"Tatulukani kuno kowala, ndikuoneni bwinobwino," anatero Masautso.

Davison anaseka, napukuta manja pabuluku, natuluka. Masautso anabwerera m'mbuyo pang'ono, kenako anamupatsa foni ija atatambasula mkono wonse.

Pafonipo panali Tsamba la Kwathu. Anyamata ena ophunzira a ku Phalombe ndiwo analiyambitsa pa intaneti, kuti abale awo amene anamwazikana m'maesiteti a fodya azidziwitsana za maukwati, ana obadwa ndi maliro. Aliyense ankatha kulembapo, ndipo aliyense ankatha kufufuta kapena kukonza zimene mnzake walemba. Poti pamene pali milomo yambiri bodza silisowa, anyamatawo anaikamo nzeru yosonyeza mawu oyenera kuwakhulupirira. Mawu atsopano a munthu wosadziwika ankatuluka ofiira ngati dothi la katondo. Munthu wodalirika, amene zolemba zake sizifufutidwa, akalemba pafupi ndi mawuwo osawakhudza, makinawo ankati ndiye kuti wawavomereza, ndipo kufiira kuja kunkachepa. Otere akadutsapo ambiri, mawu ankasanduka achikasu, kenako n'kuyera. Zoyera palibe ankazitsutsa, ngakhale abusa ankazilengeza m'tchalitchi osafunsanso.

Davison anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera.

"Davison Nakoma wa ku Phalombe, tenanti wa pa esiteti ina ku Kaomba m'boma la Kasungu, anamwalira chigafa chitamugwera ndi mphepo yamkuntho. Tinamuika konkuno." Wolemba anali a Frazer, mkulu wa mpingo ku Kaomba. Mawuwo anali atayera pafupifupi onse, kutangotsala kachikasu kochepa padzina lake.

M'munsi mwake munali mizere ya opepesa. Aphunzitsi a kwawo anali atalemba pepani, a komiti ya tchalitchi pepani, mlangizi wa zaulimi pepani. Onsewo anali anthu odalirika, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anakhudza uthengawo, pakuti ndani angakonze uthenga wa maliro? Munthu amangofika, n'kupepesa, n'kudutsa. Pepani aliyense ankayeretsa imfa ya Davison.

Mzere womaliza unalembedwa ndi amalume a mkazi wake. Unkati mayi wamasiye, Olive, asudzulidwa Loweruka likudzalo, amasulidwa kuti akhale mfulu kukwatiwa ndi amene angafune.

Davison anakhala pansi pomwepo. Amene anagona m'mandamo ankamudziwa, ngakhale dzina lake sankalidziwa.

Tinene zoona, Davison sanali munthu woipa. Anali munthu wa mawa. Pochoka ku Phalombe anasiya Olive ali ndi khanda kumbuyo, kamtsikana dzina lake Tiyamike, nalonjeza kuti fodya akangogulitsidwa abwera. Kuimba foni, mawa. Kutumiza sopo, mawa. Fodya anagulitsidwa, wina anadzalidwa, mawa lija silinache. Ku Kaomba anakangana ndi kapitawo, ndipo anachita zimene matenanti amachita zikavuta, anathawa. Koma pa esiteti phoso limatsata dzina, ndipo wothawa amasiya dzina lake monga amasiyira khasu lakutha, otsala n'kulitola kuti chakudya chisaleke kubwera. M'kanyumba ka Davison munkagona mlendo wina wamtali, wosalankhulalankhula, amene anabwera kudzafuna ganyu. Aliyense ankangomuitana kuti Achimwene. Davison anamusiyira kanyumba, munda ndi dzina, iye n'kulowera ku Chisemphere kumene kunalibe womudziwa. Sanaganizepo za munthuyo mpaka lero.

"Ndiimbire kunyumba," anatero.

Anayamba ndi amayi ake. Atangoti, "Amayi, ndine Davison," kunamveka kukuwa, kenako mawu a nkhalambayo anabwera otsika, onga a munthu wopemphera.

"Mwana wanga anagona ku Kasungu. Iwe amene watenga mawu ake, ndikudziwa uli kumunda kwa amene anamukhwimira. Usativute, tinalira kale. Gona, mwanawe, gona."

Foni inaduka. Kwawoko mphekesera imayenda kuyambira kale yakuti eni minda ena amapha anthu m'matsenga n'kumawalimitsa fodya ngati ndondocha. Munthu amene analiridwa akaimba foni kuchokera ku esiteti, ndiye kuti mphekesera ija yapeza mboni. Davison anazindikira kuti ngakhale atakwera basi n'kukaima pabwalo la amayi ake, anthu akanamuthawa, mwinanso kumugenda.

Anaimbira Olive. Foni inayankhidwa. "Mayi a Tiya, ndine," anatero. Anamva kupuma kwa mkaziyo, ndi nkhuku ikulira chapatali. Olive sanakuwe, sanalire, sanayankhe. Anamvetsera kwa kanthawi, kenako anadula.

"Ndiye lembani nokha patsambapo kuti muli moyo," anatero Masautso.

Anamutsegulira dzina latsopano, ndipo Davison analemba ndi chala chimodzi, "Ine Davison Nakoma sindinafe. Ndili ku Chisemphere." Mawuwo anatuluka ofiira psuu pansi pa imfa yake yoyera. Dzuwa lisanapendeke, aphunzitsi aja anali atawafufuta, n'kusiya chenjezo lakuti maliro si masewera, wochita zimenezi aope Mulungu. Davison analembanso. Poti mawu ake oyamba anafufutidwa ndi munthu wodalirika, makina anamutenga kukhala wabodza, ndipo achiwiriwo anatuluka ofiira kuposa oyamba. Nawonso sanagone.

M'mawa mwake kachikasu kaja kanali katachoka padzina lake. Imfa yonse inali itayera mbee. Davison anayang'ana kuti womaliza kupepesa ndani, napeza dzina la Masautso.

"Achimwene! Inunso?"

Masautso anakanda m'mutu, maso ali pansi. "Ndinalemba dzulo usiku. Chala chinangopita chokha. Maliro a kwathu sungawadutse chete, anthu angati ndine wotani?"

Zikanakhala za wina, Davison akanaseka. Koma nkhani inali itafalikira pa esiteti. Amayi a pamjigo analeka kucheza iye akudutsa, mpaka mjigo womwe unaleka kulira. Masana Masautso, amene ankadya naye mbale imodzi nyengo yonse, anati m'mimba simuli bwino. M'chigafa anthu ankasankha fodya atamusiyira danga lalikulu, ndipo akalankhula ankamuyankha osamuyang'ana kumaso. Iye mwini anadzipeza akuyang'ana pansi kuti aone ngati mapazi ake akusiya zidindo pafumbi. Anachita mantha, mantha enieni, ndipo pansi pa manthawo panali Olive. Zaka zonsezi ankamuona ngati munda umene uli pomwepo, woti adzaulima akadzapeza nthawi. Tsopano Loweruka linali pafupi, ndipo anazindikira kuti ankamufuna mkaziyo kuposa fodya yense wa m'zigafa za Kasungu.

Munthu mmodzi yekha ndiye akanatha kutsutsa mawu oyera n'kumveka, mwini wake amene anawalemba. Davison anabwereka foni ya Masautso, nakwera lole ya nkhuni yopita cha ku Kaomba.

Njira inadutsa m'minda yathyathyathya yosaoneka malire. Fodya anali atathyoledwa kale, mapesi ake ataima okhaokha m'mizere, opanda tsamba, mpaka kumene maso alekezera. Kunalibe mphepo. Zigafa zinkaoneka patalipatali, zazitali, zaudzu, zopanda munthu pakhomo. Davison anakhala pamwamba pa nkhuni osalankhula ndi aliyense, ndipo palibe anamulankhula.

Davison anawapeza a Frazer pakhonde la nyumba yawo akusoka thumba. Anali bambo wachikulire, wa imvi zometedwa bwino, magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Kwa zaka zambiri mpingo wawo ndiwo unkaika matenanti ofera kutali ndi kwawo, ndipo a Frazer ankalemba aliyense pa Tsamba la Kwathu kuti abale adziwe. Palibe mzere wawo umene unafufutidwapo. Anamupatsa mpando, anamufunsa za ulendo, kenako anafunsa dzina.

"Ndine Davison Nakoma, abambo."

Singano inaima. A Frazer anamuyang'ana pamwamba pa magalasi kwa nthawi yaitali.

"Davison Nakoma ndinamusambitsa ndi manja angawa," anatero mofatsa. "Ankakhala benchi lachiwiri kumbuyo, Lamulungu lililonse. Denga la tchalitchi chathu litasasuka, amene anakwera kukakonza ndi iyeyo. Inu sindikudziwani."

Davison anafotokoza zonse, za kapitawo, za kuthawa, za mlendo wamtali. Anatulutsa chitupa chake, chithunzi chili pomwepo. A Frazer anachitembenuza uku ndi uku, nachiyandikiza kumaso, nachibweza.

"Kapitawo amene mukunenayo anachoka kalekale, ndipo matenanti a nthawi yanu anabalalika," anatero. "Ife tinamupeza akuyankha dzina limeneli. M'thumba mwake munali foni, m'fonimo muli nambala yolembedwa kuti Mayi a Tiya. Ndinaimba ndekha kuwauza za zovutazo."

Davison anakumbukira kafoni kake kakale kosweka galasi. Anakasiya pansi pa mphasa tsiku lothawa, poopa kuti kapitawo angamamuimbire.

"Kanali kanga," anatero.

"Ndiye amene tinamuikayo dzina lake ndani?"

"Sindikudziwa, abambo. Tinkangoti Achimwene."

"Munagona naye nyumba imodzi, osamufunsa dzina?"

"Ndinkati ndidzamufunsa."

A Frazer anapinda thumba lija, naimirira movutikira. "Tiyeni mukamuone. Sindingafufute munthu ndili pakhonde."

Manda a matenanti anali kumapeto kwa esiteti, pakachitsamba ka mitengo ya msuku kamene mathalakitala anakasiya. Manda a eni mudzi salowedwa popanda chilolezo, koma awa analibe mwini wopempha. Mitumbira yambiri inali itaphwa, yopanda chizindikiro, udzu utamera pamwamba. Mkatimo munali zii, ngakhale njiwa sizinkalira. A Frazer anavula chipewa natsogola mpaka pa mtumbira wina wautali, umene dothi lake linali lisanamere kanthu. Kumutu kunali chikwangwani chachitsulo, chodulidwa ku lata lakale, zilembo zake zolembedwa ndi penti mosamala. DAVISON NAKOMA. WA KU PHALOMBE.

Davison anawerenga dzina lake. Pamtumbirapo panali maluwa ouma a m'tchire, ndipo udzu wozungulira unali wolambulidwa.

"Amayi a mvano amabwera kudzasesa," anatero a Frazer. "Ankamukonda. Tsono taonani kuvuta kwake. Ndikachotsa dzinali, munthuyu atsala wopanda dzina, ngati awa ena onsewa. Kwinakwake kuli mayi amene akumudikira, ndipo sadzamva. Koma kusiya bodza nditalidziwa, sindingathe."

Davison anadziwa kuti akulanda wakufa chofunda chokhacho chimene anali nacho, ndipo anachita manyazi. Koma Loweruka silinkadikira.

"Abambo, mkazi wanga akumusudzula. Ndithandizeni."

A Frazer anatulutsa foni yawo pomwepo, pambali pa manda. Analemba mochedwa, akutchula liwu lililonse. Anafufuta uthenga woyera uja, nalemba kuti, "Ndinalakwitsa. Amene tinamuika ku Kaomba si Davison Nakoma, ndi mlendo amene dzina lake sitikulidziwa. Davison ali moyo, ndaima naye pano, ndaona chitupa chake." Mawu a akulu akoma akagonera, koma a a Frazer sanafunike kugonera. Makina ankawadziwa, ndipo mawuwo anatuluka achikasu chowala, otsala pang'ono kuyera. Posakhalitsa aphunzitsi aja analemba m'munsi kuti Mulungu ndi wamkulu, mlangizi naye analemba, ndipo Davison anaona ndi maso ake moyo wake ukuyera.

Chimwemwe chinamudzaza. Anadikira pang'ono kuti uthenga ufike kumudzi, kenako anaimbira Olive. Ulendo uno mkaziyo ndiye anayamba kulankhula.

"Ndawerenga, bambo a Tiya."

"Ndiye waona! Sindine mzukwa, Olive, ndine ndemwe. Uwauze amalume aimitse za Loweruka. Fodya akangopita ku okushoni ndikubwera."

"Sindinaganizepo kuti ndinu mzukwa. Mawu anu ndinawazindikira tsiku lomwe munaimba lija."

"Nanga unaduliranji?"

Mawu a Olive analibe ukali, ndipo n'chimene chinamuopsa Davison.

"Mutasiya kuyankha mafoni, ndinkalembabe mauthenga pa nambala yanu. Tsiku lina Tiya atadwala malungo ndinalemba, ndipo yankho linabwera. Linati, mwana ali bwanji tsopano, wamwa mankhwala? M'mawa mwake linabweranso lina, kufunsa ngati wadya. Ndinadziwa pomwepo kuti si inu. Inu simunafunsepo."

Davison anayang'ana mtumbira uja.

"Sananame," anapitiriza Olive. "Ndinamufunsa, anandiuza kuti ndi mlendo amene munamusiyira nyumba, ndipo sakudziwa kumene munalowera. Anapepesa kuti akudyera dzina lanu. Ndinati lisungeni, mwini wake sakuligwiritsa ntchito. Sitinaonanepo, ngakhale mawu ake sindinawamve, ankati foniyo ndi yakufa polankhulira. Koma mvula ikagwa ankafunsa ngati denga likudontha. Fodya atagulitsa anatumiza nsalu ndi nsapato za Tiya, ndipo zinamukwana, chifukwa anayamba wafunsa kukula kwa phazi lake. Kodi inu mukudziwa kuti Tiya anayamba sukulu?"

Olive anapitiriza.

"A Frazer atandiimbira, ndinadziwa amene wafa. Ndinalira zenizeni, anthu n'kumati ndikulira inu. Ndinawasiya aganize choncho. Tsamba lija ndinkaliona likuyera tsiku ndi tsiku, ndipo ndikanatha kunena liwu limodzi. Sindinanene."

"Dzina lake anakuuza?" Davison anadabwa kumva kuti limenelo ndilo funso limene latuluka.

"Ndinamufunsa kamodzi. Anati lake lilibe amene akulidikira."

"Olive, ndine mwamuna wako. Ndili moyo, zalembedwa, zayera."

"Zayera, inde, ndipo amayi anu asangalala. Muwaimbire, akhala akudwala ndi chisoni. Za kusudzula amalume aimitsa, poti wamoyo salilidwa. Koma Loweruka ankhoswe akumanabe kuti athetse ukwatiwu, ndawapempha ndine. Ukwati umene unalipo ndinaulira kale, ndipo sindingaulire kawiri. Tiya mudzamuona mukadzafuna. Kwa ine musabwere."

Foni inaduka mwakachetechete.

Davison anaima ndi foni kukhutu ngakhale munalibe mawu. Chisoni chinamugwira, chosakanizika ndi nsanje yochititsa manyazi, nsanje yochitira munthu amene ali pansi pa dothi. A Frazer anali atapatuka pang'ono, akuyang'ana kuminda ngati sanamve kanthu. Patapita nthawi anabwerera, nagwira chikwangwani chija ndi dzanja limodzi, nachigwedeza kuti aone kulimba kwake.

"Dothi likadali lofewa," anatero. "Tizule, mupite nacho?"

Davison anayang'ana zilembo zija, ndi maluwa ouma, ndi malo osesedwa bwino.

"Chisiyeni, abambo. Amayi a mvano angasowe posesa."

A Frazer anachotsa dzanja lawo, navala chipewa, nayamba kubwerera. Davison anatsala. Pambali pa mtumbirawo panali katsache ka udzu kamene amayi aja anakasiya. Anakatola, nagwada, nayamba kuchotsa masamba a msuku amene anagwera pamandapo.